Tsiku Limene Kompyuta ya Madzi Inanama

Kuseri kwa msika wa pa boma la Rufunsa, ukangopitirira pamene amayi amayala tomato ndi impwa, pali kanjira kokwera chitunda. Kanjirako kamakathera pa kanyumba ka njerwa kokhala ndi mapanelo a sola padenga, ndipo pambali pake pali thanki yaikulu yokhazikidwa pa miyendo yachitsulo. M'kanyumbamo ndi momwe ankagwira ntchito ba Dabwitso, woyang'anira mapampu a madzi a pa boma. Madzi a kuchipatala, a kusukulu, a pamsika ndi a m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, onse ankadutsa m'manja mwawo. Anali bambo wamfupi, wa kamimba kotsogola, woseka ndi thupi lonse, ndipo ukacheza nawo pang'ono sankalephera kukuuza kuti chiyambireni ntchito, thanki ija inali isanaumepo. Nthawi yawo yopuma pa ntchito inali itayandikira, ndipo chimene mtima wawo unkalakalaka n'kudzatsika chitundacho mwaulemu, dzina lili loyera, osati kuchita kutsitsidwa.

Kale mapampuwo ankayatsidwa ndi manja. Kenaka kampani ya madzi inaika kompyuta m'kanyumbamo kuti iziyatsa ndi kuzimitsa mapampu payokha, iziyeza madzi a m'thanki, n'kumatumiza zonsezo ku ofesi yaikulu ku Lusaka, kumene makompyuta a matauni ambiri amalumikizana. Achikulire ena akanadana nayo, koma ba Dabwitso anaikonda. Ankaipukuta fumbi m'mawa uliwonse n'kuifunditsa kansalu kopeta, moti akazi awo, mayi Estina, ankadandaula kutchalitchi kuti anawapezera mkazi mnzawo wosadziwa n'kusinja komwe.

Chaka china cha chilala, magetsi atayamba kumathima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kanyumba ka ba Dabwitso kokha ndi kamene sikankatha moto, poti kanali ndi sola ndi mabatire. Anthu anayamba kukwera chitunda ndi mafoni ozima. Anamwino, aphunzitsi, ogulitsa makala, ngakhale alimi ochokera ku Shikabeta obwera kumsika, onse ankafika pakhomo n'kuodira. Kwa ba Dabwitso, munthu wobwera ndi foni yozima sankasiyana ndi mnansi wobwera ndi phale kudzapala moto, ndipo kwawo kumene anakulira, wodzapala moto sabwezedwa. Masoketi a pakhoma akadzaza, mafoni otsala ankawabaya pa timabowo ta pa kompyuta. Sankalipiritsa munthu. Wofuna ankasiya kambatata kapena kambale ka masau, ndipo pabenchi la pakhonde pankakhala macheza a mpira ndi a mvula tsiku lonse. Kunena zoona, masiku amenewo ba Dabwitso anali munthu wokondwa kwambiri pa boma ponse.

Tsiku lina galimoto ya kampani inakwera chitunda, ndipo munatsika Inutu, injiniya wa makompyuta wa ku ofesi yaikulu. Anali mtsikana wamtali wa ku Mongu wokulira ku Lusaka, wosachulutsa mawu, ndipo ntchito yake inali yoyendera masiteshoni ang'onoang'ono kuona ngati makompyuta ake ali otetezeka. Atapereka moni mwaulemu analowa m'kati, n'kupeza mafoni atazungulira kompyuta ngati tiana ta nkhumba pa mabere.

"Ba Dabwitso, aya mafoni yonse ni ya ndani?" anafunsa Inutu.

"Ni ya anthu, madamu. Iyi ni ya ba nesi, iyi ni ya uja ogulisa malasha, iyi yakuda ni ya abusa. Malaiti kulibe, manje anthu azachita bwanji?"

Inutu anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. "Mvelani, atate. Kuli maboma ya maiko ena yamene yanalemba anthu nchito, ophunzila maningi, olandila malipilo pa mwezi monga ine na imwe. Nchito yao ni kupanga tizilombo ta mu kompyuta. Kachilombo kotele kayenda mu mafoni na mu mafulashi, kuchoka kwa uyu kuyenda kwa uyu, mwine wake osadziwa. Mu foni ya ogulisa malasha sikachita kanthu, kagona chabe. Koma kakapeza kompyuta yoyendesa manzi olo malaiti, apo ndiye kafika panyumba."

Ba Dabwitso anayang'ana anthu a pabenchi, amene anali atatchera makutu pawindo. "Boma ya dziko ina? Kufuna Rufunsa? Azatengako chani kuno, masau?"

Pakhonde panagwa chikhakhali. Inutu naye anamwetulira, koma sanasunthe. "Safuna Rufunsa, atate, afuna poloŵela. Iyi kompyuta yanu ikamba na ya ku Lusaka. Kawalala sangena pa geti pamene pali alonda, angena pa windo ya kubafa. Ise tili pa windo ya kubafa."

Atatero anazula mafoni onse mmodzimmodzi n'kuwabwezera kwa eni ake mopepesa. Kenaka anatulutsa timapepala tofiira tomata, tokhala ndi chidindo cha kampani, n'kutseka kabowo kalikonse ka pa kompyuta, kutsogolo ndi kumbuyo. Anati masoketi a pakhoma anthu angapitirize kugwiritsa ntchito, koma kompyuta isalandirenso mlendo aliyense. Ba Dabwitso anavomera ndi mutu, anamuperekeza mpaka pa galimoto, ndipo fumbi lisanathe n'komwe anali atayamba kale kumuyerekezera mayendedwe pamaso pa anzawo. Komabe timapepala tija anatisiya, ndipo kwa milungu ingapo zinthu zinayenda bwino.

Chimene chinawagwetsa si dyera ayi, koma kwaya. Kunali msonkhano wa makwaya ku Chinyunyu, ndipo Evaristo, wotsogolera kwaya ya kumpingo kwawo, anabwera kuchokera ku Lusaka ndi fulashi yodzaza nyimbo zatsopano zimene anamuikira pa kashopu kena m'tauni. Nyimbozo zinkafunika kukopedwa pa timakadi ta m'mafoni kuti aliyense aziphunzirira kunyumba. Kompyuta ya kusukulu inali gone chifukwa cha magetsi. Evaristo anakwera chitunda atanyamula fulashi m'thumba la shati, akudziwa bwino lomwe kuti mayi Estina amaimba m'kwaya yomweyo.

"Awe, ba Evaristo, ananiletsa," anatero ba Dabwitso. "Akuti muli tizilombo."

"Tizilombo mu nyimbo za Mulungu?" anafunsa Evaristo modabwa. "Ba Dabwitso, mwakamba imwe zoona? Ni kanthawi chabe. Olo mufuna tikachite manyazi ku Chinyunyu, amai kunyumba akaziimba za chaka chatha?"

Ba Dabwitso anakanda m'mutu. Kukana munthu kunkawavuta ngakhale pa zinthu zopanda pake, nanga kuli bwanji pa za tchalitchi? Anasuzumira panjira, anatulutsa kampeni, n'kumatula mosamala kapepala kamodzi ka kumbuyo kumene diso silifika msanga. Nyimbo zinakopedwa. Atatha anamatanso kapepalako ndi malovu n'kukasindikiza ndi chala chachikulu. Mapampu anapitiriza kulira monga mwa masiku onse, ndipo kwaya inakaimba ku Chinyunyu mokoma mpaka amayi ena anapukuta misozi ndi chitenje. Kuipa kwa zinthu zoterezi n'kwakuti sizipweteka tsiku lomwelo, ndiye munthu amayamba kudziona ngati wochenjera.

Inutu atabweranso mwezi wotsatira, sanayambire kutsogolo. Anazungulira kuseri kwa tebulo, anawerama, n'kuloza kapepala kaja.

"Aka kapepala kachita bwanji makwinya?"

"Ni kutentha, madamu. Okutobala ya kuno si ya ku Lusaka."

Ba Dabwitso anali munthu wa nthabwala koma bodza silinkawakhala, ndipo posakhalitsa anaulula zonse, za kwaya, za Evaristo ndi za kampeni. Mtsikanayo anapima kompyutayo ndi zida zake kwa nthawi yaitali ndipo sanapeze kanthu.

"Mwaona!" anatero ba Dabwitso nkhope itawala. "Kulibe kanthu!"

"Kusapeza kwanga sikunikondwelesa," anayankha Inutu. "Vopangidwa na anthu aja sivioneka na vipimo vamene nayenda navo. Mpaka tikapeze kompyuta ina, iyi sinizaikhulupilila."

Pamenepo anazula chingwe cholumikiza kompyutayo ndi ofesi ya ku Lusaka, anachikulunga n'kuchiponya m'chikwama chake. Anati kuyambira tsikulo ba Dabwitso azitumiza miyezo ya madzi pa foni, ndipo azikwera makwerero n'kusuzumira m'thanki ndi maso awo m'malo mongodalira zimene kompyuta ikuonetsa. Kenaka anawapempha kuti amuonetse masiwichi akale oyatsira mapampu pamanja. Anawapeza atachita dzimbiri, mavu atamangapo nyumba. Anavula jekete, ndipo awiriwo anapala dzimbirilo, anathira mafuta, n'kuyeserera kuzimitsa kompyuta ndi kuyatsa pampu pamanja mpaka dzanja la ba Dabwitso linakumbukira ntchito yake yakale.

Pochoka anaima pakhomo. "Atate, sinizakubisilani. Iyi nkhani nizaikamba ku ofesi. Nifuna mumvele kuli ine, osati kuli munthu wina."

Mawu amenewo anawalasa ba Dabwitso, makamaka poti a pabenchi anamva. Patapita masiku ochepa bwana wa kampani anawaimbira foni n'kuwadzudzula ndi mawu olimba. Madzulo a tsikulo anafika kunyumba nkhope ili gwa, n'kukhala pampando osavula nsapato.

"Amake Constance, kamwana kaja kafuna kunichosesa nchito," anatero kwa akazi awo, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Kamwana kolingana na Constance wathu, kunipeleka ine ku ofesi! Manje atichosa pa laini monga tili na khate. Ine, munthu wamene thanki ikalibe kuumapo!"

Mayi Estina anapitiriza kusadzula ndiwo. "Nanga anamatula kapepala ni ndani?"

"Si nyimbo zanu zamene zija?"

"Ine ninaimba chabe, atate ake Constance. Kampeni sininagwileko."

Mkwiyo wa ba Dabwitso, posowa kolowera kunyumba, unakatulukira kumsika. Kumeneko Inutu anamuika m'kamwa. Ankati ndi wonyada, wopanda ulemu kwa akuluakulu, wofuna kukwezedwa pa ntchito popondera anzake. Akamuimbira foni kupereka miyezo ankangotchula manambala n'kudula, osafunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji. Za kukwera makwerero anachita masiku oyamba okha akung'ung'udza. Kamimba kaja ndi makwerero sizinkagwirizana, ndipo kompyuta inkaonetsa zoona tsiku lililonse, ndiye pang'ono ndi pang'ono anasiya kukwera.

Tsikulo linafika mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo m'mawa momwe. Ba Dabwitso anavundukula kansalu, anaona pagalasi la kompyuta kuti thanki ndi yodzaza, n'kukhala pansi kumwa tiyi. Khutu lawo lokha ndi limene silinakhazikike. Mapampu ankalira pang'ono, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiyanso, ngati munthu wa chifuwa. Asanaganize bwino foni inalira. Anali mayi Namwiinga, namwino wamkulu wa kuchipatala.

"Ba Dabwitso, manzi yayenda kuti? Ma pompi yonse yauma, ndipo nili na azimai ku mateniti!"

"Thanki ni yozula, ba nesi, niona pano apa. Onani mapaipi yanu."

Atangodula, anaona amayi a kumsika akukwera chitunda ndi zidebe zopanda kanthu. Anathamangira pa makwerero, anakwera akupumira m'mwamba, ndipo asanafike pamwamba anagogoda thankiyo ndi chibakera. Inalira ngati ng'oma. Atatsegula chivundikiro anaona matope a pansi akuwala. Anatsika, analowa m'kanyumba, ndipo kompyuta inali ikuonetsabe kuti thanki ndi yodzaza. Kuchokera kuchipinda cha mapampu kunkabwera fungo la mawaya opserera.

Munthu wonyada akanayamba wayesa izi ndi izo kuti nkhani isamveke. Ba Dabwitso anagwira foni n'kuiyang'ana kamphindi, chifukwa nambala imene inkafunika inali ya munthu yemwe uja anamunyoza pamsika. Kenaka anakumbukira amayi a kuchipatala n'kumuimbira.

"Ba Inutu, kompyuta inama. Ikamba ati thanki ni yozula, koma mulibe olo dontho. Na mota inunkha."

"Mwachita bwino kunitumila," anayankha Inutu, mawu ali m'malo ngakhale kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ambiri. "Zimyani kompyuta pa khoma manje manje. Ikani masiwichi pa manja monga tinachitila. Musayase pampu ili yonse ikali yokupya. Ikazizila, yasani imodzi chabe, mumvele kulila kwake. Nili pa laini, sinizadula."

Ba Dabwitso anachita zonse monga anauzidwira. Masiwichi aja, poti anali atathiridwa mafuta, anatembenuka mosavuta. Pampu yoyamba inali itapsa kale, ndipo atayesa kuiyatsa sinayankhe. Yachiwiri inali yotentha moti sukanaikapo dzanja, ndipo panalibe chochita koma kudikira. Koma kuchipatala sakanadikira. Apa ndi pamene anthu a pabenchi anaonetsa kuti sanali odzangotchaja mafoni chabe. Wogulitsa makala anamasula matumba pa njinga yake n'kumangapo zigubu, aphunzitsi awiri anabwereka wilibala, mlimi wina wa ku Shikabeta anapereka ngolo yake ya ng'ombe, ndipo onse anayamba kutunga madzi pa mjigo wa kusukulu n'kumapititsa kuchipatala. Evaristo naye anali pomwepo, chigubu paphewa, osayang'ana munthu kumaso.

Dzuwa litapendeka ba Dabwitso anagwira pampu yachiwiri n'kupeza yazizira. Anapemphera mwachidule, anakankha siwichi, ndipo pampuyo inalira kulira kwake kwa masiku onse. Anayika foni pafupi kuti Inutu amve. Pamene ana ankaweruka kusukulu, mipope ya kuchipatala inali itayamba kutsokomola, kenaka madzi anatuluka. Mayi Namwiinga anatumiza uthenga woti amayi onse ali bwino, ndipo mmodzi wabereka mwana wamkazi.

Patapita masiku angapo kunabwera galimoto ziwiri. Munali Inutu, bwana wa kampani, ndi bambo wina wa magalasi dzina lake Bornwell, wochokera ku ofesi ya boma yoteteza makompyuta a dziko. Kompyuta ija anali ataitenga kale kukaifufuza, ndipo tsopano anabwera kudzamva nkhani kwa mwini malo. Anakhala m'kanyumba momwemo, ba Dabwitso atavala shati yawo ya kutchalitchi.

Bambo Bornwell anafotokoza mosathamanga. Kachilomboko kanalowadi ndi fulashi ya nyimbo, koma Evaristo analibe mlandu, ngakhalenso a kashopu aja, chifukwa kanali katadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri osadziwa. Kanagona m'kompyutamo kudikira tsiku limene eni ake anakaikira. Tsikulo litakwana, ntchito yake yoyamba inali kukwera ndi chingwe kupita ku ofesi yaikulu, n'kutsegulira eni ake njira yofikira mapampu a matauni onse olumikizidwa kumeneko. Kanayesa kambirimbiri, koma kanapeza njira yoduka. Ndiye kanangowononga pamene kanali.

"Nanga anakapanga ni ndani?" anafunsa ba Dabwitso ndi mawu otsika.

"Dzina ya dziko sitikamba tikalibe kutsimikiza," anayankha bambo Bornwell. "Koma si anyamata a mu intaneti kafe. Kawalala wamba afuna ndalama, atseka kompyuta yako ati lipila. Aka sikanapemphe kanthu. Kanapangidwa na anthu odekha, amene afuna kuti tsiku maboma yakayambana, akazimye manzi na malaiti ya anzao osatumiza msilikali olo mmodzi. Kapena sanali kufuna na ise, kanangotipeza panjila. Koma chingwe chija chikanakhalapo, sembe lelo tikamba za vipatala vikulu va mu tauni, osati cha pano chabe."

Ba Dabwitso anadziona akutchulidwa pa wailesi ngati munthu amene anaumitsa mipope ya m'matauni chifukwa cha nyimbo za kwaya. Anayang'ana pakhoma pamene panali chingwe chija, malo amene kwa milungu yonseyi ankawaona ngati chipsera cha manyazi awo, ndipo anazindikira kuti pamenepo ndi pamene anapulumukira.

Kenaka bwana wa kampani anatembenukira kwa Inutu. "Kodi bambo awa anachenjezedwa?"

"Anachenjezedwa," anatero Inutu.

"Nanga za kukwera pa thanki tsiku lililonse?"

"Ninawauza. Anasiya."

Ba Dabwitso anaweramitsa mutu. Mumtima anati basi, kwatha, chitunda chija atsika lero lomwe.

Koma Inutu anali asanamalize. "Koma bwana, nikambeko na vina. Pamene ninawafunsa za kapepala, anavomela okha. Masiwichi tinakonza pamodzi. Tsiku ya vuto sanabise, ananitumila pamene apo, ndiye chifukwa pampu imodzi inapulumuka. Na ise a kampani tili na mbali yathu. Tinaika kompyuta ya vibowo votseguka pa malo yamene ni yokha yali na malaiti pa boma yonse, pakati pa anthu amene samanana moto. Tinali kuyembekezela chani?"

Bwanayo anagogoda tebulo ndi chala. Potsiriza anayang'ana ba Dabwitso. "Bambo, ndikuuzeni chilungamo. Nkhani ya fulashiyi tikanakhala kuti tikuimva lero koyamba, sitikanakambirana muno. Mukanakafotokoza kupolisi kuti ndani anakutumani, ndipo palibe akanakhulupirira za kwaya. Koma inafika ku ofesi kalekale, munavomera nokha, tinakudzudzulani, ndipo chingwe chinazulidwa nthawi ikadalipo. Pampu yapsayo ikutipweteka, koma ntchito yanu mupitiriza mpaka tsiku lanu lopuma. Makwerero okha muzikwera."

Ba Dabwitso anawomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu wothokoza akuluakulu. Zoti thanki yawo sinaumepo sakananenanso, ndipo zimenezo zinawawawa ndithu, koma ntchito inali m'manja ndipo dzina lawo linali lisanade. Bwanayo ananenanso kuti kampani iika kasola kapadera pansi pa mtengo wa mango kuti anthu azitchajira mafoni kutali ndi kompyuta yatsopano, ndipo a pakhonde, amene monga mwa chizolowezi anali atatchera makutu pawindo, anaombera m'manja osachita manyazi.

Alendo akukwera galimoto, ba Dabwitso anamutsatira Inutu n'kuima pambali pake akupotokola chipewa.

"Ba Inutu, mwana wanga, ine nakunenani maningi pa msika."

"Ninamvela, atate," anatero Inutu akuseka. "Nkhani za pa msika wa Rufunsa zifika ku Lusaka na minibasi yoyamba."

"Manje simunakalipe?"

"Ninakalipa pang'ono. Koma ninaona kuti chabwino munizonde muli pa nchito, kupambana kuti munikonde muli mu selo ku polisi."

Galimoto zitatsika, ba Dabwitso sanabwerere m'kanyumba. Anakhoma chitseko, anavala chipewa, n'kulunjika kumsika shati ya kutchalitchi ili m'thupi. Anayambira pa amayi a tomato, anapita kwa ogulitsa makala, anafika mpaka kwa anyamata a pa siteji ya minibasi, paliponse pamene anaipitsapo dzina la mtsikana uja. Ponseponse ankavula chipewa n'kunena zomwezo, kuti iwo ndi amene analakwa, ndipo kuti pa anthu onse amene anakwerapo chitunda chija, amene anawafunira zabwino koposa ndi yemwe anawakhumudwitsa. Mayi Estina, amene anali pamsikapo kugula tinsomba ta kapenta, anaima n'kumawaonerera amuna awo akuyenda benchi ndi benchi, ndipo tsiku limenelo sanawaseke.

Anthu otisekerera ndi ambiri, ndipo kucheza nawo n'kokoma. Koma amene amalolera kuti timukwiyire, n'kutiuza zowawa madzi asanafike m'khosi, ameneyo ndi wosowa, ndipo nthawi zambiri timamuzindikira mochedwa. Ba Dabwitso anachita mwayi kuti anamuzindikira akadali pa ntchito. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.